Zingwe Ziwiri Pabwalo

Mdzukulu wanga, khala apa pamkeka, bukulo uliike pambali kaye. Amayi ako andiuza kuti dzulo unabwera kuchokera kusukulu nkhope ili yakugwa, ati masamu a maseti akukuzunguza mutu, ndipo unanena kuti zozungulira zija n'zongojambula kuti munthu akhoze mayeso a MANEB, kumudzi kuno zilibe ntchito. Sindikukudzudzula. Ana ambiri amene ndinawaphunzitsa ankanena zomwezo, ndipo mbali ina cholakwa chinali cha ife aphunzitsi, amene tinkathamangira kulemba zizindikiro pabolodi tisanawaonetse ana chinthu chenichenicho. Ine ndemwe masamu amenewa anadzandilowa mumtima ndili pabwalo la mfumu, cholembera chili m'manja, anthu akulira mondizungulira.

Amayi ako anali kamtsikana pamene napolo anatsika m'phiri la Michesi mu Marichi 1991. Nthawi imeneyo tinali tikadali pansi pa Mulanje, poti Phalombe inadzakhala boma payokha mu 1998. Madzi anabwera ndi miyala ikuluikulu, mitengo yozuka ndi mizu yomwe, matope okwirira munthu wamkulu, ndipo anthu mazanamazana anatisiya. Iwe zimene unaona ndi maso ako ndi za namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, pamene ku Nkhulambe kunasanduka bwinja la miyala ndi mchenga. Masoka onse awiriwa anatha mofanana. Madzi akaphwa, maliro akaikidwa, chimene chimatsatira ndi pepala. Thandizo silitsika m'galimoto popanda mndandanda wa maina. Mndandanda umenewo ndiye seti imene ukuti ilibe ntchitoyo.

Seti ndi gulu la zinthu lokhala ndi malire odziwika. Ukatola chinthu chilichonse uyenera kutha kunena kuti ichi chili mkati, ichi chili kunja, popanda mkangano. Uwaone agogo ako aakazi akamasankha nandolo palichero: njere ikakhala yofumbwa imapita uku, ikakhala yabwino imatsala, ndipo palibe njere imene amaisiya m'malere. Tsono wina akakuuza kuti lemba anthu ovutika a m'mudzi muno, dziwa kuti sanakupatse seti. Ndani savutika? Aliyense aimika mkono, ndipo amene ali ndi mawu okweza ndiye alembedwe. Koma akati lemba mabanja amene nyumba zawo zagwa, pamenepo pali poyambira, chifukwa ungathe kupita kukaona chibumacho. Ngakhale apo muyambe mwagwirizana: kodi khitchini ikagwa tiwerenga? Nanga khoma limodzi lokha? Mukalumpha mafunso amenewa, mudzawayankha pambuyo pake anthu atakwiya kale.

Lamulo lachiwiri n'laling'ono koma limagwetsa ambiri. Chinthu chimodzi m'seti chimawerengedwa kamodzi, ngakhale chilembedwe kangapo. Kwathu kuno munthu mmodzi amakhala ndi dzina la ubatizo, dzina la pakhomo, la kwa bambo ake, la kwa mwamuna wake, kenako anthu n'kumangomutchula kuti make a uje. Ukapanda kusamala, mayi mmodzi amasanduka amayi atatu papepala. Ziphaso za unzika zimene boma linalembetsa anthu m'dziko lonse mu 2017 zimathandiza pamenepa, chifukwa nambala ndi imodzi ngakhale maina achuluke. Ife mu 1991 tinalibe zimenezo. Tinkadalira maso a nyakwawa ndi kukumbukira kwa amayi achikulire.

Tsopano dzuka, ukatenge zingwe ziwiri zomangira mbuzi zija kuseri kwa khola, ndipo utole miyala 10 yofanana kukula. Tiyerekeze kuti mudzi wathu uli ndi mabanja 100, mwala uliwonse ukuimira mabanja 10. Jambula ndi kamtengo mpanda wa ngodya zinayi pansipa, miyala yonse ikhale mkati mwake. Chingwe choyamba uchizungulize. Chimenecho ndi cha mabanja amene nyumba zawo zagwa, tinene kuti alipo 60. Chachiwiri ndi cha mabanja amene minda yawo yakokoloka, alipo 50. Ika miyala 6 m'chingwe choyamba, 5 m'chachiwiri.

Waona? Miyala yakuthera. Ukufuna 11 pamene uli ndi 10. Usayang'ane kumbali kuti utole wina, m'mudzimo mulibe banja lina. Njira ndi imodzi yokha: kokera zingwezo kuti zilowane, pakati pakhale kachipinda kamene kali mkati mwa zingwe zonse ziwiri. Usanafunse munthu aliyense, masamu akuuza kale kuti mabanja osachepera 10 anataya zonse ziwiri, nyumba ndi munda womwe. Akhoza kukhala ochuluka kuposa apo, koma sangachepere. Tinene kuti tayenda khomo ndi khomo ndipo tapeza kuti alipo 30. Ika miyala 3 pakatipo. Ndiye kuti mbali ya nyumba yokha kwatsala miyala 3, mbali ya minda yokha kwatsala 2. Werenga yonse imene ili mkati mwa zingwe: 3, 3 ndi 2, pamodzi 8. Miyala 2 yatsala panja pa zingwe, koma ikadali mkati mwa mpanda.

Zonse zimene aphunzitsi ako analemba pabolodi zili pansi apa. Kachipinda kapakatika ndiko amati intersection, chizindikiro chake ∩, chokhala ngati chikho chovundikira. M'Chichewa mawu ake ndi akuti "ndi": wataya nyumba ndi munda womwe. Zonse zimene zili mkati mwa zingwe, kaya chimodzi kaya zonse ziwiri, ndizo amati union, chizindikiro chake ∪, chikho chotukula chimene chikulandira zonse. Mawu ake ndi akuti "kapena". Ndipo lamulo lija umaliloweza ngati nyimbo, lakuti n(A ∪ B) = n(A) + n(B) − n(A ∩ B), likungonena zimene manja ako achita kumene: 60 kuphatikiza 50 ndi 110, koma mabanja 30 apakati wawawerenga kawiri, choncho achotsepo kamodzi, atsala 80. Ukadzaliiwala m'chipinda cha mayeso, usachite mantha. Jambula zingwe ziwiri kumbuyo kwa pepala, lidzabwerera lokha.

Ine ndinaphatikiza osachotsera. Mu 1991 mfumu inandipempha, poti ndinali mphunzitsi, kuti ndisonkhanitse maina. Mnyamata wina analemba za nyumba, wina za minda, ine n'kungophatikiza manambala awiriwo usiku pa nyali ya koloboyi, maso akulemera. Amene anabwera kudzalandira pepalalo anaona kuti chiwerengero chathu chaposa mabanja onse a m'mudzimo, ndipo anatibwezera kuti tikalembenso, akutiyang'ana ngati anthu ofuna kudyerapo pa tsoka. Masiku amene tinataya polembanso, ana anali kugona ndi njala m'kalasi ya pasukulu. Palibe amene anaba kanthu. Kungoti mphunzitsi wa masamu anaiwala kachipinda kapakati, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Mawu akuti "kapena" uwasamale, chifukwa m'masamu satanthauza ndendende zimene timatanthauza pakhomo. Amayi ako akakufunsa kuti udya nsima kapena mpunga, akufuna usankhe chimodzi. M'maseti "kapena" satsekera kunja munthu amene ali ndi zonse ziwiri. Akati thandizo lipite kwa amene anataya nyumba kapena munda, banja limene linataya zonse ziwiri lili momwemo, ndipo ndilo loyamba kuyenera. Ndinaonapo anthu akukangana mpaka thovu kukamwa pa mawu amodzi amenewa.

Kulowana ndi kuphatikiza sizisamala kuti wayamba ndi chingwe chiti. A ∪ B ndi B ∪ A n'chimodzimodzi. Kuchotsera ndiko kumasamala. Amene anataya nyumba koma munda uli bwino ndi mabanja 30. Amene anataya munda koma nyumba ili chilili ndi mabanja 20. Oyambawo akufuna malata ndi mapepala ofolerera, enawo akufuna mbewu ndi chimanga chodikirira nacho. Ukatembenuza, wapereka mbewu kwa munthu amene akugona panja.

Usaganize kuti zimenezi zimagwira ntchito pa tsoka pokha. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo kuno kwathu inafikanso, inakhazikitsidwa kuti ithandize mabanja amene ali osaukitsitsa komanso alibe munthu wamphamvu zogwirira ntchito. Wamva "komanso" ameneyo? Ndi kachipinda kapakati. Banja losauka kwambiri koma lokhala ndi anyamata amphamvu lili m'chingwe chimodzi chokha. Nkhalamba yosatha kulima koma yokhala ndi ana amene amaitumizira ndalama kuchokera ku Joni ilinso m'chingwe chimodzi chokha. Anthu ambiri amene amadandaula kuti anawasiya amamva ngati panalembedwa "kapena". Mwana wophunzira ngati iwe ukhoza kukhala pansi ndi azakhali ako n'kuwafotokozera mofatsa. Ukhozanso kuzindikira pamene dandaulo lawo lili loona, n'kuwathandiza kulinena momveka pamaso pa komiti.

Tsopano yang'ana miyala 2 ili panja pa zingweyo, ndi mpanda umene unajambula poyamba uja. Ana ambiri amauiwala mpandawo pojambula, amauona ngati chokongoletsera. Umenewo ndiwo amati universal set, gulu la onse amene tikuwakamba. Zimene zili mumpanda koma kunja kwa chingwe ndizo amati complement ya chingwecho, zotsala zake. Zotsalazo sizidziwika mpaka mpanda utadziwika. Ukati "amene nyumba zawo sizinagwe", ukunena a m'mudzi muno, a kwa Gulupu yense, a kwa Mfumu Yaikulu Nazombe, kapena a boma lonse la Phalombe? Mudzi uli mkati mwa dera la Gulupu, dera la Gulupu lili mkati mwa dera la mfumu yaikulu, choncho aliyense wa m'mudziwo ndi munthu wa mfumu yaikuluyo. Imeneyo ndiyo subset, ndipo siivuta. Chovuta ndi kudziwa ngati mumpandamo mwalowa aliyense woyenera kulowa.

Pali gogo wina amene sindimuiwala. Titalembanso mndandanda wathu bwinobwino, manambala onse anagwirizana, ndipo ndinapuma. Patatha mwina sabata, ndinamuona akubwera ndi ndodo, chitenje chimodzi chokha chomwe anathawa nacho, n'kukhala pansi kumapeto kwa bwalo osanena kanthu. Usiku wa napolo anathawira kwa mwana wake kutsidya kwa mtsinje, ndipo anadwalira komweko. Kanyumba kake kanapita, kamunda kake kanasanduka miyala. Sanali m'chingwe cha nyumba, sanali m'chingwe cha minda, ndipo sanalinso pakati pa otsala aja, chifukwa ife polemba mabanja a m'mudzi tinawerenga okhawo amene anafika pabwalo. Masamu athu anali olondola, koma mpanda tinaujambula wochepa. Mfumu inachita kutapa m'matumba a ena kuti gogoyo apeze kanthu. Ndiye ukadzapatsidwa ntchito yolemba anthu, usanayambe kuwagawa, udzafunse kaye kuti ndani palibe pano. Wodwala, wolumala amene sangayende mpaka pabwalo, mkamwini amene anapita ku Mozambique kukachita ganyu, ana amasiye amene akulerana okhaokha ndipo amachita manyazi kuima pakati pa akuluakulu.

Chimene ndikufuna uchigwiritsitse kwambiri ndi ichi, malamulo awiri otchedwa a De Morgan. Augustus De Morgan anabadwira ku Madurai m'dziko la India mu 1806, anaphunzitsa masamu ku London, ndipo mu 1847 anatulutsa buku la kaganizidwe kolongosoka. Malamulowa amanena zimene zimachitika mawu akuti "ayi" akakumana ndi "ndi" kapenanso "kapena". Tiyeni tiwaone pamiyala.

Ndipatse miyala imene ili kunja kwa zingwe zonse ziwiri. Ilipo 2, mabanja 20. Amenewa ndi otani? Nyumba yawo sinagwe, komanso munda wawo sunakokoloke. Waona zimene zachitika: tinayamba ndi "nyumba kapena munda", titakana, "kapena" wasanduka "komanso". Limenelo ndi lamulo loyamba. Bwezera miyalayo. Tsopano ndipatse miyala yonse imene siili m'kachipinda kapakati. Tola 3 ya mbali ya nyumba, 2 ya mbali ya minda, ndi 2 yapanja ija. Ilipo 7, mabanja 70. Amenewa ndi otani? Aliyense wa iwo china chake chinapulumuka: nyumba sinagwe, kapena munda sunakokoloke, kapena zonse ziwiri zili bwino. Tinayamba ndi "nyumba ndi munda", titakana, "ndi" wasanduka "kapena". Limenelo ndi lachiwiri. Ukafuna kutsimikiza, werenga njira ina: amene nyumba sizinagwe ndi 40, amene minda sinakokoloke ndi 50, amene ali m'magulu onse awiriwa ndi 20 aja, 40 kuphatikiza 50 kuchotsa 20, yankho ndi 70 yemweyo.

Tsono tamvera chiganizo ichi, chonga chimene mlembi angawerenge pabwalo: "Amene sanataye nyumba ndi munda asalembedwe." M'makutu a munthu wina chikunena mabanja 20 amene sanataye kalikonse. M'makutu a wina chikunena mabanja 70 amene sanataye zonse ziwiri pamodzi. Pakati pa kumva kuwiriku pali mabanja 50, ndipo onsewo ndi anthu amene anatayadi kanthu. Chichewa chathu, monga zilankhulo zina zonse, chimalola chiganizo chimodzi kunyamula matanthauzo awiri, ndipo pocheza sizivuta chifukwa timamvana ndi nkhope. Papepala nkhope palibe. Ukadzamva chiganizo chotere, imika mkono mwaulemu ufunse kuti, pepani, mukunena amene sanataye chilichonse, kapena amene sanataye zonse ziwiri? Ena adzakuona ngati mwana wovuta. Safunsa anadya phula, ndipo apa amene angadye phulalo si iwe wekha, ndi mabanja 50.

Mabulaketi nawonso ali ndi ntchito yomweyo. Akati "amayi amasiye amene amalima nandolo kapena mpendadzuwa", ambiri timamva kuti umasiyewo ukukhudza mbewu zonse ziwiri: amasiye a nandolo pamodzi ndi amasiye a mpendadzuwa. Tikati A ndi amasiye, B olima nandolo, C olima mpendadzuwa, ndilo lamulo lakuti A ∩ (B ∪ C) ndi chimodzimodzi (A ∩ B) ∪ (A ∩ C). Koma ukasuntha bulaketi n'kulemba (A ∩ B) ∪ C, walowetsa aliyense wolima mpendadzuwa, ngakhale bambo wa ngolo ziwiri amene amakagulitsa matumba ku Migowi. Za seti yopanda kanthu sindichulutsa mawu. Nkhokwe ikatha chimanga imakhalabe nkhokwe, ndipo kunena kuti m'gulu ili mulibe aliyense ndi yankho lathunthu. Usachite manyazi kulilemba, ndipo usakakamize dzina kulowamo kuti pepala lioneke lodzaza.

Zingwe zathuzi m'mabuku zimatchedwa dzina la John Venn wa ku Cambridge, amene anazifotokoza mu 1880. Amene anakuza maseti kukhala nthambi yakeyake ya masamu ndi Georg Cantor, amene ankaphunzitsa ku Halle m'dziko la Germany. Mu 1874 iye anaonetsa chinthu chimene chinadabwitsa akatswiri anzake, chakuti ngakhale magulu opanda malekezero amasiyana kukula, ena ndi aakulu kuposa anzawo. Ena anamutsutsa koopsa, koma lero masamu ambiri aima pa maziko amenewo. Ndipo mu 1937 mnyamata wina wa ku America, Claude Shannon, anaonetsa kuti "ndi", "kapena" ndi "ayi" angathe kumangidwa ndi maswitchi a magetsi. Foni ili m'thumba mwakoyo ndi makompyuta amene masiku ano amasunga maina a olandira thandizo amayendera mawu atatu omwewa. Kompyuta imachita zimene yauzidwa mwachangu, osatopa. Munthu akaiuza "ndi" pamene amafuna "kapena", imasiya mabanja 50 aja m'kuphethira kwa diso, ndipo ilibe mfumu yoti itape m'thumba la wina. Pafunika pakhale mwana wa kuno kwathu amene akumvetsa zimene makinawo afunsidwa, amenenso akudziwa kuti kutsidya kwa mtsinje kuli gogo.

N'chifukwa chake sindifuna kumva kuti ukuloweza. Funso lililonse la maseti limene akupatse, uyambe wajambula mpanda ndi kulemba kuti onse alipo angati. Kenako udzaze kachipinda kapakati, poti ndi pamene pamabisala kuwerenga kawiri, ndipo uzituluka pang'onopang'ono mpaka kunja. Pomaliza uphatikize zipinda zonse uone ngati zikubwezera nambala ya mpanda. Zikapanda kubwezera, wina wasowa kapena wina wawerengedwa kawiri, ndipo usapitirire mpaka utamupeza. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Miyalayo usaitaye. Mawa ukaweruka udzatenge chingwe chachitatu, cha mabanja amene ziweto zawo zinapita ndi madzi, udzachiyale kuti chilowane ndi ziwirizi. Udzawerenge wekha kuti mumpandamo mwakhala zipinda zingati, osaiwala chapanja, ndipo chipinda chilichonse udzandiuze m'Chichewa kuti mukukhala anthu otani ndipo akufunika chiyani. Ubwere ndi mnzako uja amakudikira panjira ya kuchigayo, nayenso adzalemba mayeso chaka chamawa. Pakali pano bweza zingwezi kukhola dzuwa lisanalowe, mbuzi zija zisanalowe m'nandolo wa eni ake.